Bilu ya kuchipatala: ndani amaiwerenga inu mukasaina?

Tsiku lotuluka m'chipatala aliyense amakhala pa changu. Mayi watopa, khanda likulira, apongozi amanga kale katundu m'chitenje, wa takisi panja akuimba foni kachitatu. Pawindo la kashiya bambo amapatsidwa pepala, amayang'ana nambala ya pansi penipeni, amapukusa mutu pang'ono, kenaka n'kusaina. Akakhala kuti ali pa sikimu ya zaumoyo ya kuntchito, ngakhale nambala ya pansiyo saiyang'ana n'komwe, poti amati ikalipira ndi kampani. Mizere khumi kapena makumi awiri imene ili pamwamba pa nambalayo palibe amaiwerenga.

Koma pepala limenelo silithera pawindo. Kuli anthu amene ntchito yawo, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi kuwerenga mizere imene inu mwailumphayo. Pa Chingerezi amawatcha medical auditor. Mawu oti auditor ambirife tinawazolowera pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, pamene akatswiri a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain anabwera kudzalondoloza mmene ndalama za boma zinasowera. Awa tikunena panowa ndi abale awo, kungoti iwo salondoloza macheke okha ayi. Amatenga fayilo ya wodwala, n'kuiika pambali pa bilu, n'kumafunsa mzere ndi mzere. Bilu ikuti mabotolo asanu a diripi, kodi namwino analemba kangati kuti wapachika botolo? Bilu ikuti magazi anayezedwa kawiri, nanga zotsatira za ku labu zili kuti? Ikuti wodwala anagona masiku anayi, kodi tsiku logonekedwa ndi tsiku lotuluka zikuvomereza?

Ambiri mwa anthu amenewa anayamba ngati anamwino kapena alembi a m'chipatala, ndipo ndi chifukwa chake sanamizika msanga. Namwino amene wagwirapo ntchito mu wodi ya amayi amadziwa kuti mayi wochira bwinobwino amafuna zinthu zingati, ndipo akaona mankhwala ogonetsa munthu pa opareshoni ali pa bilu ya mayi amene mpeni sunamukhudze, amaima pomwepo. Lamulo limene amaphunzitsana ndi lalifupi: chimene sichinalembedwe m'fayilo, ndiye kuti sichinachitike. Lamuloli limaluma mbali zonse. Chipatala sichingalipiritse chinthu chimene sichinalembedwe, komanso dokotala amene anagwiradi ntchito koma n'kuchita ulesi kulemba, ndalama yake imamira.

Tisathamangire kunena kuti bilu iliyonse yolakwika ndi umbava. Zolakwa zambiri zimabwera kamba ka kutopa ndi changu: mlembi wabwereza mzere umodzi kawiri, wasokoneza odwala awiri a dzina limodzi, kapena mankhwala anatengedwa ku famase koma dokotala n'kusintha maganizo, ndiye n'kuiwala kuwachotsa pa bilu. Nthawi zina wofufuza amapeza kuti chipatala ndicho chinadzibera chokha. Koma zachinyengo nazonso zilipo ndithu, ndipo njira zake ndi zodziwika dziko lonse: kulipiritsa chinthu chimene sichinachitike, kulemba matenda aang'ono ngati aakulu kuti mtengo ukwere, ndi kung'amba ntchito imodzi m'zidutswa kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mtengo wake, ngati telala amene wakuuzani mtengo wa diresi kenaka n'kudzalipiritsanso zipi, ulusi ndi mabatani paokha.

Kuti zonsezi zilondolozeke, matenda aliyense ali ndi nambala yake. Bungwe la World Health Organization lili ndi buku lalikulu la manambalawa lotchedwa ICD. M'buku la ICD-10, malungo a mtundu woopsa umene tili nawo kunowu ndi B50, kuchira mwana mmodzi popanda vuto ndi O80, ndipo kuchira pa opareshoni ndi O82. Onani kuti pakati pa O80 ndi O82 pangosiyana nambala imodzi yokha, koma pa bilu kusiyana kwake kungathe kudya malipiro a munthu a miyezi ingapo.

Mabungwe awo

Kumene ntchito imeneyi inakula kwambiri mpaka kukhala ndi mabungwe akeake ndi ku America, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kumeneko pafupifupi chilichonse cha m'chipatala chimalipidwa ndi kampani ya inshuwalansi kapena ndi masikimu a boma monga Medicare, imene inayamba mu 1965 kuti izithandiza okalamba. Pamene pali mabilu ochuluka chonchi, pamafunikanso anthu ochuluka owawerenga.

Bungwe lalikulu mwa onse ndi AAPC, limene linayamba mu 1988 ndipo likulu lake lili mumzinda wa Salt Lake City. Lili ndi mamembala oposa 200,000, ena mwa iwo ali ku India, ku Philippines ndi kumaiko a Aluya, kumene makampani amalemba anthu ntchito yokonza mabilu a zipatala. Amene akufuna kudziwika ngati wofufuza mabilu amalemba mayeso a satifiketi yotchedwa CPMA, ndipo kuti akhoze ayenera kupeza mamalikisi 70 pa 100. Palinso bungwe lina locheperapo, AAMAS, limene mamembala ake ambiri ndi anamwino.

Chimene chimandisangalatsa pa mabungwewa n'choti satifiketi yawo si yopachika pakhoma n'kuiwala ngati chithunzi cha ukwati. Ku AAPC, munthu amene ali ndi satifiketi imodzi ayenera kusonkhanitsa mapointi 36 a maphunziro owonjezera pa zaka ziwiri zilizonse, apo ayi satifiketi imafa. Mapointiwo amawapeza m'misonkhano ya nthambi za m'mizinda yawo, pa maphunziro a pa intaneti, ndi kumsonkhano waukulu wa pachaka wotchedwa HEALTHCON. Nkhani zimene amakambirana kumeneko kwa ife zingamveke zogonetsa tulo, koma ndi zimene zimasuntha ndalama. Pa 1 Okutobala 2015 dziko la America linasiya buku lakale la manambala, limene linali ndi manambala a matenda pafupifupi 14,000, n'kuyamba latsopano la manambala pafupifupi 70,000, ndipo aliyense anayenera kubwerera m'kalasi. Pa 1 Januwale 2021 anasinthanso njira yoyezera kukula kwa ntchito imene dokotala wagwira poona wodwala mu ofesi yake. Kale ankawerenga kuchuluka kwa mafunso amene wafunsa ndi ziwalo zimene wapima, zimene zinkachititsa madokotala kudzaza mapepala ndi zinthu zopanda pake kuti bilu inenepe. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyang'ana kuvuta kwa chiganizo chimene dokotala wapanga, kapena nthawi imene watha pa wodwalayo.

Nkhani ina imene sichoka pakamwa pawo ndi ya makompyuta. Fayilo ikakhala pa kompyuta n'kosavuta kukopera zimene zinalembedwa dzulo n'kuziika pa tsiku la lero, mwakuti wodwala amaoneka kuti wakhala ndi kutentha kwa thupi kofanana ndendende sabata yonse. Wofufuza wozindikira akaona zimenezi amadziwa kuti mwina wodwalayo sanapimidwe n'komwe.

Nanga bungwe n'lachiyani, poti munthu angathe kuphunzira payekha? Yankho lili pa funso loti amamulipira ndani. Wofufuza wolembedwa ndi chipatala bwana wake amafuna bilu ikule. Wolembedwa ndi kampani ya inshuwalansi bwana wake amafuna bilu ichepe. Onse awiri ali ndi ana ofuna fizi. Chimene chimawathandiza kuima pa choona ndi malamulo a khalidwe a bungwe lawo, poti bungwe lingathe kulanda satifiketi ya membala amene wapezeka akupotoza. Munthu amatha kuuza bwana wake kuti izi sindisaina, chifukwa ntchito ndingapeze ina koma satifiketi ikapita ndiye kuti ndathera pomwepo. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mzimu umenewu si wa lero. Dokotala wina wa ku Boston, Ernest Codman, ankalimbikira zoti chipatala chizitsatira wodwala aliyense mpaka chidziwe ngati wachiradi, ndipo ngati sanachire chifunse kuti chalakwika n'chiyani. Anzake sanakondwere naye, ndipo mu 1914 anachoka pa chipatala chachikulu cha Massachusetts General. Pa chipatala chake chaching'ono anasindikiza poyera zotsatira za odwala 337 amene anawathandiza pakati pa 1911 ndi 1916, ndipo anaulula zolakwa 123. Kaya ndi angati lero amene angalimbe mtima chonchi pa ntchito yawo, m'chipatala kapena kwina kulikonse.

Kukula kwa vuto limene anthuwa amalimbana nalo kunaoneka pa 30 Juni 2025, pamene boma la America linalengeza kuti latsegulira milandu anthu 324, mwa iwo 96 madokotala, anamwino ndi ena a ziphaso za chipatala, pa mabilu achinyengo okwana madola 14.6 biliyoni. Gawo lalikulu la ndalamazi, madola 10.6 biliyoni, linali la gulu limodzi limene linaba mayina ndi manambala a anthu oposa 1 miliyoni n'kumatumiza mabilu a timapaipi tothandiza kukodza ndi zipangizo zina zimene anthuwo sanapemphe ndipo sanalandire. Ndalama zambiri boma linaziimitsa zisanatuluke. Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire: anthu wamba zikwi mazanamazana, ambiri mwa iwo agogo, anawerenga mapepala amene sikimu imawatumizira, anaona zinthu zimene sanalandire, ndipo anadandaula. Wofufuza ali mu ofesi amangoona pepala. Amene amadziwa ngati chinthucho chinafikadi pathupi ndi mwini thupi.

Ndipo bilu yabodza siithera pa ndalama. Mu Julaye 2015 khoti linalamula dokotala wa khansa wa m'dera la Detroit, Farid Fata, kukakhala kundende zaka 45. Iye anapereka mankhwala amphamvu osafunikira kwa odwala oposa 500, ena mwa iwo alibe khansa n'komwe, kuti azilandira ndalama za inshuwalansi. Munthu wotere amalemba bodza m'fayilo momwe, choncho fayilo ndi bilu zimaoneka zogwirizana. Anamuulula ndi anthu amene ankagwira naye ntchito. Ndiye mukauzidwa za matenda aakulu kapena opareshoni yosakhala ya mwadzidzidzi, kukamva maganizo a dokotala wachiwiri si mwano ayi.

Ofufuza nawonso si angelo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito, madokotala akuda anadandaula mu 2019 kuti masikimu akuluakulu akuwasankha powafufuza ndi kuwalanda ndalama. Bungwe loyang'anira masikimu, Council for Medical Schemes, linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi loya Tembeka Ngcukaitobi. Lipoti loyamba la mu Januwale 2021 linapeza kuti madokotala akuda ankapezeka olakwa pa kafukufuku wa Discovery, Medscheme ndi GEMS mochuluka kuposa anzawo, ndipo lipoti lomaliza, limene linaperekedwa kwa nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi mu Julaye 2025, linati njira zofufuzirazo sizinali zachilungamo. Masikimuwo anatsutsa zomwe komitiyo inapeza. Amene wapatsidwa mphamvu yowerenga mabuku a anzake nayenso amafuna womuwerengera ake.

Khadi lobwereka

Tibwere kwathu kuno. Mabanja ambiri achinyamata a m'tauni tsopano ali pa sikimu ya zaumoyo kudzera kuntchito, kaya ndi MASM kapena ina, ndipo m'maofesi a masikimu amenewa mulinso anthu amene amapenda bilu iliyonse isanalipidwe. Zina zimene amapezamo sizichokera kwa madokotala ayi. Zimachokera kwa ife eni makhadi, ndipo kawirikawiri timazichita ndi mtima wabwino.

Nkhani yake imayenda motere. Mlamu wabwera kuchokera kumudzi, akudwala, mzere wa ku chipatala cha boma ndi wautali, ndipo ndalama ya chipatala cholipira palibe. Wina m'nyumba amati, si mungomubwereka khadi lanu, poti mumafanana? Kukana kumaoneka ngati nkhanza. Mukakana mawa kumudzi kumveka kuti mkazi wa uje ndi wouma mtima, chilowereni m'banjamo achimwene anasintha. Ndiye khadi limapita.

Tiyeni tione chimene chapita pamodzi ndi khadilo. Choyamba, sikimu iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire pa chaka. Zimene wadya mlamu mu Febuluwale ndi zimene zidzasowe mu Okutobala, pamene mayi wa m'nyumba ali pa bedi ndipo dokotala akuti mwana wakhala mopingasa, pakufunika mpeni. Pa nthawi imeneyo amene anakuuzani kuti mubwereke aja sadzakhalapo pawindo la kashiya.

Chachiwiri n'choopsa kuposa ndalama. Chilichonse chimene dokotala wapeza pa mlamu chalembedwa pa dzina lanu. Ngati ali ndi shuga, fayilo ikuti inu muli ndi shuga. Ngati anamwa Bactrim kapena kubayidwa penicillin popanda vuto, fayilo ikuti inu mankhwala amenewa amakuyanjani, chonsecho mwina inu ndi amene mumatuluka nawo zidzolo thupi lonse. Zotsatira za magazi ake, gulu la magazi ake, mbiri ya mimba zake, zonse zasakanikirana ndi zanu. Tsiku limene mudzafike pa chipatala chomwecho muli chikomokere, osatha kudzilankhulira, amene adzakulankhulireni ndi fayilo ija, ndipo idzakhala ikunena za munthu wina.

Chachitatu, zinthu zimenezi zimagwidwa, ndipo zimagwidwa mochititsa manyazi. Kompyuta siiwala. Mayi amene fayilo ikuti anachira mu Malichi sangachirenso mu Ogasiti. Munthu sachotsedwa chiberekero chaka chino n'kudzayamba sikelo chaka chamawa. Wofufuza akaona zotere safunika ufiti kuti adziwe chachitika. Sikimu ingathe kukana kulipira, kukuuzani kuti mubweze zimene inalipira kale, kapena kukuchotsani. Ndipo poti khadi linabwera kudzera kuntchito, kalata imafika pa desiki ya abwana. Kupeza chinthu pogwiritsa ntchito dzina la munthu wina ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Ganizirani bambo wa ana awiri akuchotsedwa ntchito kamba ka bilu ya malungo ya msuweni wake.

Langizo langa kwa inu a pabanja ndi loti nkhaniyi muikambirane awiri m'chipinda mlendo asanafike, ndipo yankho lizichokera kwa mwini m'bale. Akakhala m'bale wa bambo, anene ndi bambo. Akakhala wa mayi, anene ndi mayi. Kumusiyira mnzanu kuti akane abale anu ndi kumuika pamoto. Ndipo kukana khadi sikutanthauza kukana munthu. Mungathe kunena kuti, alamu, khadi ili likagwidwa tonse tigona ndi njala, koma nyamukani tikuperekezeni, ya mayendedwe ndi ya mankhwala tiona chochita. Mabanja ena amaika kandalama pambali mwezi ndi mwezi ka matenda a abale, ena amafunsa ku sikimu ngati n'kotheka kulembetsa kholo kapena mwana amene akumulera kuti akhale pa khadi mwalamulo. Funsaninso za nthawi yodikira. Masikimu ambiri salipira za uchembere kwa munthu amene wangolowa kumene, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi mimba isanabwere.

Pali kamchitidwe kena kamene timakaona ngati kuchenjera. Munthu amapita ku famase ndi khadi, amagwirizana ndi wogulitsa kuti alembe mankhwala, koma iye n'kutenga mafuta odzola, mkaka wa mwana wa m'chitini kapena matewera. Ena amalandira ndalama kumene, n'kugawana ndi mwini kiliniki. Amati sikimu ndi yolemera, simva kuwawa. Koma sikimu ilibe munda. Ndalama zake ndi zimene mamembala amasonkha, ndipo zikatha chaka chamawa mtengo umakwera kwa aliyense, ndalama yoonjezera pawindo imakula, ndipo kampani zina zazing'ono zimangosiyiratu kulipirira antchito awo. Amene anatenga mafuta odzola uja ndi amene amayamba kudandaula.

Za fomu yopanda kanthu ndinene mwachidule: musasaine. Ena amakuuzani kuti sainani apa, zinazo tidzaza tokha. Siginecha yanu ndi umboni woti zonse zolembedwa pamwamba pake munalandira. Zikadzapezeka zabodza, dzina limene lili pansi ndi lanu.

Ife a ku chipatala cha boma

Wina anena kuti izi ndi za anthu a makhadi, ife timapita ku chipatala cha boma kumene kulibe bilu. Bilu iliko, kungoti simuiona. Mbulu uliwonse wa LA umene watuluka m'famase umayenera kukhala ndi dzina la wodwala m'kaundula. Mankhwala akabedwa, nthawi zina mabuku amadzazidwa ndi odwala a m'maganizo kuti masamu agwirizane, ndipo mwana wanu akafika ndi malungo amauzidwa kuti mukagule. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za kubedwa kwa mankhwala, ndipo mbali ina ya ntchito yake ndi yomweyi, yoyerekeza zimene zalembedwa ndi zimene zilipodi pa shelefu.

Chimodzimodzinso ku zipatala za mishoni za pansi pa CHAM. Kuyambira mu 2006 boma linayamba kuchita mapangano ndi zina mwa zipatalazi, kumadera kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, bilu n'kumapita ku boma. Bilu imeneyo isanalipidwe imayenera kuyerekezedwa ndi kaundula wa odwala. Ndiye ngati mukuchirira pa chipatala chotere, funsani poyamba pomwe kuti ndi ziti zili m'pangano ndipo ndi ziti mulipire nokha. Mukalipira kanthu, tengani lisiti la chidindo. Popanda lisiti, chinthu chimodzi chingathe kulipidwa kawiri, ndi inu komanso ndi boma, popanda wodziwa.

Palinso kafukufuku wina amene sakhudza ndalama konse, ndipo kwa ine ndiye wamkulu. Mayi akamwalira pa nthawi ya mimba kapena pochira, ogwira ntchito m'chipatala amayenera kukhala pansi ndi fayilo yake n'kulondoloza ola ndi ola: anafika nthawi yanji, anamuona ndani, magazi anapezeka liti, ambulansi inachedwa pati. Cholinga si kupeza woti amuloze chala, koma kupeza pamene pali dzenje kuti mayi wotsatira asagweremo. Ku England ndi Wales anayamba kuchita zimenezi dziko lonse mu 1952. Kuno kwathu kafukufuku wa boma wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anali 675, ndipo mu 2015 mpaka 2016 anali 439. Zimene zinatsitsa manambalawa ndi zambiri, kuphatikizapo kuchirira kuchipatala, mankhwala otalikitsa moyo ndi kulera, koma kuunika imfa iliyonse ndi imodzi mwa njira zimene zipatala zimadziwira pofunika kukonza. Ndipo kuunikako kumadalira zolembedwa. Fayilo ikakhala ndi mipata, kapena buku la sikelo likasowa, anthu amangokhala pansi n'kumaganizira.

Apa ndi pamene buku la kuchipatala lija, limene timalisiya pawindo mpaka kunyowa ndi mvula, kapena kuligwiritsa ntchito ana awiri kuti tisagule lina, limaonekera kufunika kwake. Mwana aliyense akhale ndi buku lake. Musachoke m'chipinda cha dokotala musanaone kuti walemba tsiku, chimene wapeza ndi mankhwala amene wapereka. Ngati zolemba zake sizikuwerengeka, ndipo tonse tikudziwa mmene madokotala amalembera, mufunseni mwaulemu kuti, adokotala, pamenepa mwalemba kuti chiyani? Ku famase werengani mibulu musanachoke pawindo. Ngati buku likuti masiku asanu koma mwapatsidwa ya masiku atatu, nenani pomwepo, ndipo ngati mankhwala ena palibe, pemphani kuti alembe kuti palibe. Safunsa anadya phula.

Amene ali ndi ntchito yaikulu pa zonsezi ndi gadiyani, ndipo abambo apa musathawe n'kusiyira apongozi okha. Wodwala sakumbukira kuti anabayidwa kangati. Gadiyani akhale ndi kakope ndi cholembera, kapena foni, azilemba tsiku ndi tsiku: lero diripi imodzi m'mawa, magazi atengedwa masana, dokotala wabwera kamodzi. Si kulonda anamwino ayi, ndipo musazichite mwamatama ngati wapolisi, chifukwa anthuwa ambiri amagwira ntchito yolemetsa ndi mtima wonse. Kakope kameneka kamathandiza ngakhale iwo omwe, pamene asinthana mashifiti ndipo wobwerayo akufuna kudziwa ngati mankhwala a madzulo aperekedwa kale.

Tsiku lotuluka likafika pa chipatala cholipira, pemphani bilu yosonyeza chinthu chilichonse pachokha ndi mtengo wake, osati ya mzere umodzi yongoti mankhwala ndi zina. Wa takisi adikire mphindi khumi. Yang'anani dzina ndi masiku, kenaka yerekezani ndi kakope kaja. Mzere umene simukuumvetsa funsani kuti, pepani achimwene, ichi n'chiyani ndipo chinaperekedwa liti? Nthawi zambiri yankho limakhalapo ndipo ndi lomveka. Likasowa, pemphani kuonana ndi wamkulu wa za ndalama, ndipo mulembe pa fomupo mzere umene simukugwirizana nawo musanasaine. Jambulani pepalalo pa foni. Sikimu ikakutumizirani uthenga kapena sitetimenti ya zimene yalipira pa dzina lanu, werengani, ndipo mukaona tsiku limene simunapite ku chipatala imbani foni tsiku lomwelo.

Zikakanika pamenepo, makomo ogogoda alipo. Kuyambira mu 2018 m'zipatala za boma ndi za CHAM munayamba kuikidwa munthu wolandira madandaulo, amene amatchedwa ombudsman wa pachipatala. Dandaulo lokhudza khalidwe kapena ntchito ya dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, la namwino kapena mzamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo la mankhwala ndi mafamase ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kulikonse kumeneko adzakufunsani tsiku, wodi, chimene chinachitika ndi mapepala amene muli nawo. Lembani dandaulo lanu pa pepala, musiye kope imodzi kunyumba, ndipo amene walandira akudindireni chidindo cha tsiku limenelo pa kope yanuyo.